Mlendo Wofiira m'Chingerezi

 Ndikupemphani kuti munditcherere khutu kwa kanthawi, pakuti lero ndadza ndi mlendo woti timufunse kwawo, mtundu wake, ndi chimene anadzera. Mlendoyo si munthu ayi. Ndi liwu, liwu lalifupi la m'Chingerezi, la zilembo zisanu zokha: R, O, U, G, E. Wongoliona papepala angayese kuti limatchulidwa roge, koma eni ake amati ruuzh, ndipo kothera kwake kumamveka mofewa monga mumamvera pakati pa liwu loti television. Rouge. Ligwiritseni, pakuti tiyenda nalo ulendo wautali.

Kodi rouge n'chiyani? Amayi ena mwayankha kale. Ndi ufa wofiira, kapena kaphala kofiira, kamene akazi amadzola m'masaya. Loweruka m'mawa, mkwatibwi asanakwere galimoto ya ku tchalitchi, pamene wokongoletsa watsegula chikwama chake nandanda timabokosi patebulo, aka ka m'maso, aka ka milomo, aka ka nsidze, kamodzi mwa timabokosito kamakhala ka masaya. Ndipo kameneko ndiko kamene Angerezi a masiku apitawo ankakatcha rouge.

Kapena wina afunsa kuti, nanga munthu afiiritsiranji masaya ake dala? Apa tiyenera kukumbukira kuti khungu la Azungu silibisa magazi. Akathamanga amafiira, akachita manyazi amafiira, ndipo akadwala amayezuka, kotero kuti kwa iwo masaya ofiira ndiwo umboni wa thanzi ndi wa unamwali. Ife akhungu lakuda, adokotala akafuna kudziwa ngati tili ndi magazi okwanira, amatiyang'ana m'zikhatho, natsitsanso chikope kuti aone m'kati mwake; koma iwo umboniwo uli poyera, pankhope, pamene aliyense wodutsa angauwerenge. Ndipo chimene chili poyera, munthu salephera kufuna kuchikonza. Mwambowu ngwakale ndithu: Aigupto a m'masiku a Afarao ankapera dothi lofiira longa katondo, nadzola m'masaya ndi m'milomo. Mwambo ngwakale, koma liwu la rouge m'Chingerezi si lakale chotero.

Tsono mafunso athu ndi atatu. Kodi liwuli linachokera kuti? Abale ake ndani? Nanga Angerezi, amene anali nalo kale liwu lawolawo loti red, analifuniranji lina? Tiyambe ndi loyamba.

Rouge kwawo ndi ku France. Kumeneko silikhala m'kabokosi ka amayi ayi. Ndi liwu la tsiku ndi tsiku, lonena kufiira kulikonse. Magazi ndi rouge, vinyo ndi rouge, nyali ya pamsewu yoimitsa magalimoto ndi rouge. Bungwe lija lothandiza pa ngozi ndi pa nkhondo, limene ife timalidziwa kuti Red Cross, linabadwira mumzinda wa Geneva m'chaka cha 1863, ndipo m'Chifalansa, chinenero cha mzindawo, limatchedwa Croix-Rouge, ndiko kuti mtanda wofiira. Ku America, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, kuli mzinda wa Baton Rouge, kutanthauza ndodo yofiira, pakuti Afalansa amene ankakwera mtsinjewo m'chaka cha 1699 anaonapo mtengo wofiira wozikidwa pansi, wosonyeza malire a malo osakako nyama a mitundu iwiri ya eni dziko. Ndipo inu achikulire amene munkatsata nkhani za kunja mukuwakumbukira a Khmer Rouge, amene analamulira Cambodia mwankhanza zosaneneka kuyambira 1975 kufikira 1979. Liwu lomwelo pa mbendera ya achifundo, lomwelonso pa dzina la akupha. Kwa Mfalansa, rouge ndi kufiira basi.

Komatu nawonso Afalansa sanalitole panjira liwuli. Analilandira kwa Aroma. Kutatsala zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo kuti Ambuye Yesu abadwe, kazembe wa nkhondo Julius Caesar anagonjetsa dziko la Gaul, limene lero ndilo France. Ndipo pambuyo pa asilikali panadza amalonda, okhometsa msonkho ndi oweruza milandu, onsewo akulankhula Chilatini, kufikira eni dziko, mbadwo ndi mbadwo, anataya chinenero cha makolo awo nayamba kulankhula cha owagonjetsa, ngakhale kuti anachilankhula monga malilime awo anawalolera. M'Chilatinimo munali liwu loti rubeus, kunena chinthu chofiira. Tamverani bwino: rubeus, rouge. Kodi b anapita kuti? Sanatayike mwangozi. Anthu wamba, polankhula mofulumira pamsika ndi kumunda, sankati ru-be-us. Ankameza pakatipo, namveka ngati rubyu. Patapita mibadwo, by uja anasanduka j, monga wa m'liwu loti jasi. Patapitanso mibadwo ina, j uja anafewa nakhala zh amene tikumumva lero. Ndipo si liwu ili lokha limene linayenda njira imeneyi. Cavea, chikwere chosungiramo mbalame kapena zilombo, chinasanduka cage. Rabia, ukali wonga wa galu wa chiwewe, unasanduka rage. Mawu awiriwa muwasunge, tidzawafunanso patsogolo.

Ife Achewa sitingadabwe nazo zimenezi. Kodi school sanasanduke sukulu m'kamwa mwathu? Kodi sapato ya Apwitikizi sinasanduke nsapato, ndi carta yawo kalata? Zimene malilime athu anachita pa zaka zowerengeka, malilime a ku Gaul anazichita pa zaka mazana ambiri, osadziwa n'komwe kuti akubala chinenero chatsopano.

Tifike pa funso lachiwiri. Abale ake ndani? Apa ndi pamene nkhaniyi ikoma, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Mchewa amati munthu. Mswahili amati mtu. Mshona amati munhu, ndipo Mzulu amati umuntu. Kodi ndani anabwereka kwa mnzake? Palibe. Onsewa analandira liwulo kwa kholo limodzi, limene linalankhulidwa kalekale anthu asanabalalike, ndipo silinalembedwe ndi munthu aliyense. Momwemonso zilili ndi zinenero zambiri za ku Ulaya, pamodzi ndi zina za ku Persia ndi ku India. M'chaka cha 1786, woweruza milandu wina wa ku Britain, Sir William Jones, amene ankagwira ntchito ku Calcutta, ataphunzira Sanskrit, chinenero chakale cha mabuku opatulika a Ahindu, anaimirira pamaso pa anzake ophunzira nawauza kuti chinenerocho chimafanana ndi Chigiriki ndi Chilatini mopitirira mwangozi, ndi kuti zitatuzo ziyenera kuti zinachokera kumodzi. Akatswiri amene anadza pambuyo pake anayamba kuyerekeza liwu ndi liwu, chinenero ndi chinenero, mosathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo anapeza kuti kholo limenelo linali ndi tsinde lonena za kufiira, lomveka ngati reudh. Palibe amene analimva ndi khutu. Palibe amene analiona lolembedwa. Analizindikira poyang'ana nkhope za zidzukulu zake.

Nanga zidzukuluzo n'ziti? M'Chilatini muli rubeus uja, ndi anzake ruber ndi rufus. M'Sanskrit muli rudhira, ndiwo magazi. M'Chigiriki muli eruthros. Ndipo m'Chingerezi muli red. Mwamva kodi? Red ndi rouge ndi apachibale, zidzukulu za kholo limodzi. Mmodzi anadzera njira ya kumpoto pamodzi ndi makolo a Ajeremani ndi Angerezi, wina anadzera ku Roma ndi ku France, nakumana ku London patapita zaka zikwi zingapo, osazindikirana. Chibale ndi fupa, sichiola.

Musaganize kuti mbumba imeneyi ili kutali ndi inu. Inu amene munakhalako ku South Africa, kapena munangogula kapaketi m'sitolo kuno, mumamudziwa tiyi wa rooibos. M'chinenero cha Afrikaans rooi ndi kufiira, bos ndi chitsamba, ndipo rooi ameneyo ndi wa mbumba yomweyi. Inu amayi amene munatengera ana anu ku katemera wa chikuku ndi rubella, dzina lachiwirilo ndi Chilatini, lonena kufiira kwapang'ono, chifukwa cha totupa tofiirira tomwe nthendayo imatulutsa pathupi. Paphiri la Chimwadzulu, m'boma la Ntcheu, pamapezeka mwala wamtengo wapatali wotchedwa ruby, ndipo dzina lake ndi rubeus yemwe uja, atangodulidwa mchira. Dziko la Eritrea nalo lili momwemo: Agiriki ankaitcha nyanja ya kumeneko ndi liwu lawo lija la eruthros, ndiyo Nyanja Yofiira, ndipo Ataliyana, potcha dzina dziko limene analilanda m'mbali mwa nyanjayo m'chaka cha 1890, anatenga liwu lomwelo. Ndipo inu owerenga Buku Lopatulika, kodi mukumukumbukira Simoni wa ku Kurene, munthu wa kumpoto kwa Africa amene anakakamizidwa kusenza mtanda? Marko amatchula ana ake awiri, ndipo mmodzi dzina lake ndi Rufus, dzina limene Aroma ankapatsa munthu wa tsitsi lofiira. Ngakhale dzimbiri limene ladya malata anu, m'Chingerezi rust, ndi mwana wa m'nyumba yomweyo.

Tibwereze pang'ono, kuti amene mwangotsegula kumene wailesi mutipeze. Tikukamba za rouge, liwu la Chingerezi lonena chodzola chofiira cha m'masaya. Taona kuti linachokera ku France, kumene limanena kufiira kulikonse. Kuti Afalansa analilandira ku Chilatini. Ndi kuti mbale wake weniweni ndi red. Tsono funso lachitatu ndilo lolemera. Ngati Angerezi anali naye red, rouge anadzatani?

Kunena zoona, rouge anagogoda kawiri pakhomo la Angerezi. Ulendo woyamba anadza ndi akuluakulu osunga zizindikiro za mafumu ndi za mabanja omveka, amene chinenero cha ntchito yawo chinali Chifalansa, chimene chinakhazikika kubwalo la mafumu pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England m'chaka cha 1066. Mfumu Henry VII, polowa ufumu m'chaka cha 1485, inakhazikitsa udindo wina pakati pa akuluakuluwo niutcha Rouge Dragon, chinjoka chofiira, chizindikiro cha ku Wales kumene kunali kuchimuna kwake. Ndipo udindowo ulipobe ku London mpaka lero. Koma ulendo umenewo rouge anathera kubwalo la mfumu. M'nyumba za anthu sanalowe.

Ulendo wachiwiri unali cha m'ma 1750, ndipo pamenepo anadza m'chikwama cha amayi. Masiku amenewo maso a olemera onse a ku Ulaya anali ku Versailles, nyumba yachifumu ya mfumu Louis XV ya ku France. Chimene chavalidwa kumeneko chaka chino, chaka chamawa chivalidwa ku London, ku Vienna ndi ku St Petersburg. Ndipo ku Versailles mkazi waulemu sankaonekera pamaso pa mfumu wopanda rouge. Musayese kuti ankadzola pang'ono mobisa, kuti anthu aziti ndi chibadwa ayi. Ankayamba ayeretsa nkhope yonse kuti mbee, kenaka n'kuika chibanthu chofiira chozungulira patsaya ili, china patsaya ilo, choonekera patali, chosanamiza munthu aliyense. Pakuti cholinga sichinali kukongola kokha, koma kulengeza kuti mwini nkhope iyi ndi wa kubwalo, wosiyana ndi mkazi wa wamalonda kapena wa mlimi. Madame de Pompadour, mkazi amene mfumu inkamukonda, wamphamvu kuposa nduna zambiri, analola katswiri wojambula, François Boucher, kuti amujambule ali pagalasi, kabulashi m'dzanja ili, kabokosi ka rouge m'dzanja linalo. Ndipo Marie Antoinette, pofika kuchokera ku Austria m'chaka cha 1770, ali kamtsikana ka zaka 14, anayenera kuphunzira mwambo umenewu pamodzi ndi miyambo ina yonse ya pabwalopo. Akazi olemera a ku England anaona, anasirira, nagula. Ndipo pogula kabokosi anagula ndi dzina lomwe.

Apa tsono tamverani chimene chinachitikira liwulo. Liwu lobwereka lili ngati mkamwini. Kwawo angakhale mwini mbumba, wogawa minda, woweruza milandu ya alongo ake ndi ana awo. Koma akalowa chikamwini pamudzi wa eni, amamulozera kamunda kamodzi kumalire, nati, limani apa. Rouge ku France anali mwini kufiira konse. Atafika ku England anapeza kuti minda yonse ili kale m'manja mwa red, mwana wa pamudzi: magazi nga red, moto ngwa red, dzuwa lolowa nla red. Rouge anapatsidwa masaya okha. Ndipo sizichitika kwa Angerezi okha. Liwu loti store m'Chingerezi limanena malo alionse osungiramo zinthu, ndi kusunga komweko. Koma litafika kwa ife linapeza nkhokwe ilipo, chosungira chilipo, ndipo linangopatsidwa nyumba ya malonda, sitolo. Dress m'Chingerezi ndi kuvala, kaya wovalayo ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Kwa ife diresi ndi chovala chimodzi chokha cha amayi.

Kodi tidziwa bwanji kuti rouge ndi wobwera mochedwa? Mabuku akale amatiuza, inde. Koma ngakhale khutu lokha lingatiuze. Kumbukirani mawu awiri aja ndinati muwasunge, cage ndi rage. Amenewo analowa m'Chingerezi kale, pamene Afalansa anali kutchulabe j, ndipo Angerezi asunga j ameneyo mpaka lero: keij, reij. Koma rouge anafika Afalansa atafewetsa kale katchulidwe kawo, ndipo sanasinthe. Akulankhulabe monga kwawo. Munthu amadziwika ndi kalankhulidwe kake, monga Petro anadziwikira pabwalo la mkulu wa ansembe kuti ndi Mgalileya.

Komabe funso lija sitinaliyankhe lonse. Angerezi asanalandire rouge, chodzolachi anali nacho kale, ndipo ankangochitcha paint, ndiye penti, kapena red. Dzina linalipo. Nanga latsopano linali la chiyani? Ine ndiona kuti sikunali kusowa liwu, koma kuthawa manyazi. Kunena kuti mkazi wadzola penti kunali kumutukwana, pakuti alaliki a masiku amenewo ankalumikiza nkhope yopakidwa ndi chinyengo ndi chiwerewere, natchula Yezebeli kawirikawiri, ngakhale kuti Yezebeli, tikawerenga bwino, anapaka m'maso osati m'masaya. Koma kunena kuti mkazi wadzola rouge kunali kumuika pagulu la akazi a ku Versailles. Chinthu chimodzimodzi, dzina lina, ndipo chitonzo chasanduka ulemu. Kodi ife sitichita chomwecho? Pagulu la alendo, munthu amene angachite manyazi kufunsa chimbudzi amafunsa toileti mosadodoma. Ndipo chodabwitsa n'chakuti toilet yemweyo Angerezi anamutenganso ku France, kumene toilette poyamba kanali kansalu koyala patebulo la galasi, tebulo lomwelo limene pankakhala kabokosi ka rouge; kenaka linanena kudzikonza kwa m'mawa, kenaka chipinda chodzikonzeramo, ndipo potsiriza linatsikira kumene lili leroku.

Ulemu wobwereka sukhalitsa. Anthu wamba a ku France ataukira mafumu awo m'chaka cha 1789, masaya ofiira aja anasanduka chizindikiro cha olemera odedwa, ndipo ochenjera anasamba kumaso. Ku England, m'masiku a mfumukazi Victoria, rouge anatsika nakhala wa akazi ochita zisudzo ndi wa akazi oyendayenda. Mtsikana wa pabanja labwino, pofuna kulowa m'chipinda cha alendo, ankangodzitsina masaya ndi kudziluma milomo kuti magazi akwere. Chodzolacho chinabweranso poyera m'zaka za m'ma 1900, koma dzina lake linali litayamba kununkha ukalamba, ndipo amalonda, amene sagona, anapeza lina: blush, kapena blusher. Blush ndi liwu la Chingerezi chenicheni, lonena kufiira kumene kumadza kokha munthu akachita manyazi. Taonani kuchenjera kwake. Poyamba anathawa liwu la kwawo nabisala m'lachilendo. Lachilendolo litatha ntchito, anabwerera kwawo nasankha liwu lonena chinthu chimene sichigulidwa m'sitolo, kuti chopaka chimveke ngati chibadwa. N'chifukwa chake atsikana a lero mukawafunsa za rouge ambiri angokuyang'anani, koma blush amamudziwa.

Rouge sanafe ayi. Afalansa mpaka lero lipisitiki amamutcha rouge wa milomo. Amisiri osula golide ndi siliva ali ndi ufa wofiira wopukutira zitsulo zawo kuti ziwale, wopangidwa ndi dzimbiri loperedwa bwino, ndipo nawonso amautcha rouge. Pano ndichenjezeko ana a sukulu: m'Chingerezi muli liwu lina loti rogue, la zilembo zomwezo, kungoti g ndi u asinthana malo, ndipo limanena tambwali. Mawu awiriwa alibe chibale chilichonse, koma ngakhale eni chinenero amawasokoneza polemba.

Tsono ndisanatsanzike, titsegule kabokosi kaja tione zimene zinali m'kati, pakuti m'menemonso muli mawu oti tiwafunse kwawo.

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ufa woyera umene akazi aja ankayamba kupaka unali wa mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni wodya munthu pang'onopang'ono. Wofiira wina unali wa mtovunso. Wina unali wa mwala wokhala ndi mekyule, madzi onyezimira aja amene munkawaona m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Khungu linkachita zilonda, mano ankagwedera, tsitsi linkathothoka. Ndipo pofuna kubisa zilondazo, mkazi ankapaka wochuluka kuposa dzulo. Ku London kunali mkazi wina wochokera ku Ireland, Maria Gunning, wokongola kotero kuti khamu linkamutsata m'misewu kudzangomuona. Anakwatiwa ndi mfumu yaing'ono ya ku Coventry, mwamuna wodana ndi zopakapaka, amene tsiku lina ku Paris, monga anasimbira mlembi wina, Horace Walpole, m'kalata yake, anamuthamangitsa kuzungulira tebulo pamaso pa alendo namupukuta masaya ndi kansalu mokakamiza. Mwamunayo anachita mwano, sitingamuyamikire. Koma mkaziyo anamwalira m'chaka cha 1760 asanakwanitse zaka 30, ndipo anthu a nthawiyo ankanena poyera kuti zodzola zake ndizo zinamutsiriza.

Panalinso rouge wosavulaza, ndipo wokwera mtengo. Wina ankachokera ku maluwa. Koma woposa onse ankachokera, ndikuuzeni, ku tizilombo. Ku Mexico kuli chomera chaminga cha masamba onenepa, ndipo pachomerapo pamamatirira tizilombo ting'onoting'ono tokutidwa ndi zoyera ngati thonje, achibale a kodikodi amene amavutitsa chinangwa chathu. Eni dziko, kalekale Azungu asanafike, ankatiweta tizilomboti, natikolola, natiyanika, natipera, ndipo mu ufa wake munkatuluka utoto wofiira kuti psuu, wosasuluka msanga. Anthu a ku Spain, atagonjetsa dzikolo m'chaka cha 1521, anazindikira kuti apeza chuma. Ndipo kwa zaka zambiri, kupatula siliva, panalibe katundu wa ku Mexico wopindulitsa kuposa tizilombo toumati. Utotowo Angerezi amautcha carmine, ndipo mtundu wofiira wonga umenewo amautcha crimson. Mawu onse awiriwa si a mbumba ya reudh ayi. Anachokera ku Chiarabu, ku liwu loti qirmiz, dzina la kachilombo kena kofanana nako, kokhala pamitengo ya thundu ya m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kamene kanali kufiiritsa zovala za mafumu Mexico asanadziwike. Ndipo Aarabu analitenga kwa Aperezi, kumene kirm ndi nyongolotsi.

Nyongolotsi imeneyi muli nayo m'Buku Lopatulika, ngakhale kuti m'Chichewa simungaione. Ulusi wofiira umene unaombedwa m'nsalu za chihema cha Mose m'chipululu, m'Chihebri dzina lake lili ndi liwu loti tola, ndilo nyongolotsi. Ndipo mneneri Yesaya, m'mutu woyamba, poyerekeza machimo ndi utoto wosasuluka, anatchula tola yemweyo. Jerome, potembenuza mawuwo m'Chilatini zaka ngati mazana anayi Ambuye atabadwa, analemba vermiculus, kanyongolotsi. Kuchokera pamenepo Angerezi ali ndi vermilion, dzina limene, mwatsoka, linakathera pa ufa wa mekyule uja wopha anthu. Ndipo inu abale athu a ku Tete, ku Angónia ndi ku Niassa, amene munaphunzira Chipwitikizi kusukulu, kodi kufiira mumati chiyani? Vermelho. Red Cross kwanuko ndi Cruz Vermelha. Vermelho ameneyo ndi vermiculus, kanyongolotsi kaja. Kotero kuti pamene Mfalansa anasunga liwu la makolo ake pa kufiira konse, Mpwitikizi anapereka ufumuwo kwa kachilombo ka pamtengo.

Tizilombo ta ku America tija tikuwetedwabe, makamaka ku Peru, ndipo utoto wake ulimo m'malipisitiki ambiri ndi m'zodzola za masaya zimene zikugulitsidwa lero. Anthu ochuluka suwavulaza. Koma mekyule nayenso sanachoke pamsika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la WHO, lachenjeza kuti mafuta ena ndi sopo wina woyeretsa khungu muli mekyule, amene amaononga impso ndi mitsempha, ndipo angavulaze ngakhale mwana wosabadwa.

Tsono amayi, alongo anga, ndi inu abambo amene mumatumidwa kukagula, mukatenga chodzola m'sitolo kapena pamsika, tembenuzani kabokosi muwerenge timalemba ta kumbuyo. Mukaona carmine, dziwani kuti ndi kachilombo kaja, musaope. Mukaona mercury, kapena mukapeza kuti sanalembepo chilichonse, kabwezeni pamene munakatenga.